Atsogoleri a mayiko osakhala pabanja ndi mpando wa pambali pawo

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, pofotokoza za munthu woyenera kupikisana nawo pa udindo wa pulezidenti, amati akhale nzika ya dziko lino mwa kubadwa kapena mwa makolo, ndiponso akhale atakwanitsa zaka 35, koma za banja sanenapo kanthu. Komabe aliyense amene anakulira kumudzi kapena mumpingo amadziwa kuti funso loti munthu ali pabanja kapena ayi limabwera msanga posankha mtsogoleri, ngakhale wa komiti ya mjigo. Mwamuna wa ndevu zake amene akugonabe kumphala amawerengedwa pamodzi ndi anyamata, ndipo pabwalo pakafika mlandu wa banja akuluakulu samutembenukira kuti aikepo mlomo. Kwa mayi amene ndi mbeta zinthu zimakhala zowawa kuposa apo, chifukwa anthu amayamba kufufuza chimene chinalakwika pa iye. Maganizo amene ali pansi pa zonsezi ndi akuti munthu amene sanayendetsepo nyumba sangathe kuyendetsa mudzi, ndiponso kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Ine ndikuona kuti mbiri ya mayiko sigwirizana ndi maganizo amenewa pa nkhani ya luso la utsogoleri, pakuti pakati pa atsogoleri osakhala pabanja pali amene analamulira mwanzeru ndi amene analephera kotheratu, monga momwe zilili ndi apabanja. Koma sindikunena kuti nkhaniyi ilibe ntchito. Pali mafunso awiri enieni amene kusakhala pabanja kwa mtsogoleri kumadzutsa, ndipo onse awiri ndi okhudza mphamvu: ndani adzalowe m'malo mwake, komanso ndani amakhala pafupi naye tsiku ndi tsiku, amene amamulandirira alendo ndi kusankha woloŵa ndi wobwerera pakhomo.

Funso loyambalo linali la moyo ndi imfa m'mayiko a mafumu, ndipo palibe amene analimbana nalo nthawi yaitali kuposa Mfumukazi Elizabeth Yoyamba ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1558 mpaka 1603. Inalowa ufumu ili ndi zaka 25, ndipo nyumba ya malamulo inaipempha kangapo konse, mu 1559, mu 1563 ndi mu 1566, kuti ikwatiwe kapena itchule wodzalowa m'malo. Aphunguwo sanali kungolowerera za mwini. Mu 1562 mfumukaziyi inadwala nthomba mpaka kutsala pang'ono kumwalira, ndipo nduna zake zinazindikira kuti ikanatsikira kuli chete sabata imeneyo, dziko likanagawikana pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, aliyense ndi munthu wake womufuna pampando. Ofunsira mbeta sanasowe: Mfumu Philip Yachiwiri ya ku Spain, Erik wa ku Sweden, Charles wa banja lachifumu la ku Austria, ndipo pamapeto pake Francis wa ku Anjou, mng'ono wake wa mfumu ya ku France.

Chifukwa chimene Elizabeth anakanira onsewa chimamveka bwino tikayang'ana msampha umene anali nawo. Masiku amenewo mkazi wokwatiwa ankayembekezeka kugonjera mwamuna wake, choncho kukwatiwa ndi kalonga wakunja kunali ngati kupereka England m'manja mwa dziko lina. Iye anali ataona ndi maso ake mmene mkulu wake Mary anadedwera atakwatiwa ndi Philip wa ku Spain mu 1554, ndi mmene ukwatiwo unakokera England m'nkhondo yolimbana ndi France. Kukwatiwa ndi Mngelezi nako kunali ndi minga yake, chifukwa kukanakweza banja limodzi la olemekezeka pamwamba pa anzawo onse. Robert Dudley, yemwe mfumukaziyi inkamukonda poyera, anatsekeredwa njira pamene mkazi wake anapezeka atafa pansi pa masitepe mu 1560, pakuti mphekesera zimene zinabuka zinali zoti sizikanatheka kuzizima. Tsono Elizabeth anasandutsa umbeta wake chida cha ndale. Malinga ngati anali wosakwatiwa, Spain ndi France ankakhalabe ndi chiyembekezo, ndipo aliyense ankaopa kumukankhira m'manja mwa mnzake. Mtengo wake unali wakuti banja lachifumu la Tudor linathera pa iye, ndipo atamwalira mu Malichi 1603 mpando unapita kwa James wa ku Scotland, mwana wa Mary Stuart, mayi amene Elizabeth mwiniyo anavomereza kuti aphedwe mu 1587.

Kum'mwera kwa Africa, Shaka wa Azulu sanakwatire mwa mwambo ndipo sanavomereze mwana aliyense kuti ndi wake, ngakhale kuti kunyumba yake yachifumu kunali akazi ambiri. Olemba mbiri ambiri amati ankaopa kulera mwana amene akanadzamulanda ufumu. Choopsacho chinabwerabe kuchokera m'banja momwemo, pakuti mu 1828 anaphedwa ndi abale ake a bambo mmodzi, Dingane ndi Mhlangana, ndipo Dingane ndiye anatenga mpando.

Pamenepa mpofunika kukumbukira kuti nkhawa ya Elizabeth ndi ya Shaka ndi ya mitundu imene ufumu umayenda kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana wobereka yekha. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, kumene mtundu umatsata kuchikazi, wolowa ufumu kawirikawiri amachokera kwa mlongo wake wa mfumu, ndipo amene amakhala pansi kusankha ndi amayi a mbumba. Mfumu ya Achewa yopanda mwana sisiya mudzi pamavuto a ulowam'malo, chifukwa ana ake enieni ndi a mtundu wa mkazi wake. Mfundo imeneyi tibwereranso kwa iyo, chifukwa popanda iyo nkhani ya Kamuzu Banda simveka.

Mayiko atayamba kusankha atsogoleri mwa voti, funso la mwana wolowa m'malo linachepa mphamvu, koma lachiwiri lija linatsala. Nyumba ya boma ndi malo a madyerero, a alendo ndi a miyambo, ndipo payenera kupezeka munthu woyendetsa zimenezo. James Buchanan, pulezidenti wa nambala 15 wa United States, amene analamulira kuyambira 1857 mpaka 1861, ndi yekhayo pa atsogoleri a dzikolo amene sanakwatirepo moyo wake wonse. Anatomerapo Ann Coleman, koma chitomerocho chinatha ndipo mtsikanayo anamwalira mu 1819. Ku White House ntchito yolandira alendo inagwiridwa ndi Harriet Lane, mwana wamasiye wa mlongo wake, amene Buchanan anamulera. Lane anaigwira bwino ntchitoyo pa nthawi imene kukhazika patebulo limodzi andale a kumpoto ndi a kum'mwera kunkafuna nzeru zapadera. Buchanan amawerengedwa pakati pa mapulezidenti olephera kwambiri a dzikolo, koma chifukwa chake n'chakuti anangopinda manja pamene zigawo zisanu ndi ziwiri za kum'mwera zinkapatuka pa nkhani ya ukapolo iye asanachoke pampando. Umbeta wake sunalowepo m'kulephera kumeneko. Ku Britain nako, nduna yaikulu William Pitt Wamng'ono, amenenso sanakwatire, anali ndi Hester Stanhope, mwana wa mlongo wake, woyang'anira nyumba yake m'zaka zake zomaliza.

Kwa ife Amalawi chitsanzo chachikulu chili pakhomo pomwe. Dr Hastings Kamuzu Banda anabwerera kuno pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, anatsogolera dziko ku ufulu mu 1964, anakhala pulezidenti mu 1966 ndi pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo mpaka pamene anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 analibe mkazi wodziwika ndi boma kapena mpingo. Zimadabwitsa kuti m'dziko limene munthu wosakwatira amayesedwa mwana, mtsogoleri wotere anakhala pampando zaka makumi atatu popanda nkhani ya banja kumugwetsa. Mbali ina yankho lake ndi mantha, chifukwa kufunsa funso lotere poyera kunali kudziitanira unyolo. Koma mantha okha safotokoza zonse. Kamuzu anapeza m'chikhalidwe cha Achewa udindo wa mwamuna wolemekezeka umene sudalira ukwati, ndiwo unkhoswe. Nkhoswe ndi mlongo kapena malume amene amateteza mbumba yake, amaimira alongo ake pa milandu ya banja, ndipo mawu ake pa ana a alongowo amalemera kuposa a bambo wowabereka. Podzitcha Nkhoswe Nambala Wani ndi kutchula amayi onse a m'dziko kuti mbumba yake, iye anadziika pamwamba pa mwamuna aliyense wapabanja m'Malawi, chifukwa kwa Achewa mkamwini amaopa nkhoswe.

Amene anakhalapo pa misonkhano ya masiku amenewo akukumbukira mmene zinkaonekera. Amayi mazanamazana, atavala nsalu zokhala ndi nkhope yake, ankagwada m'mizere padzuwa kudikira, kenaka nkhalamba ya suti yakuda ya zidutswa zitatu, chipewa ndi magalasi akuda inkatsika pansanja litchowa lili m'manja n'kuloŵa pakati pawo kuvina. Pambuyo pake pang'ono, mwakachetechete, pankayenda Mayi Cecilia Tamanda Kadzamira. Iwo anali namwino wophunzitsidwa ku Salisbury, anayamba kugwira ntchito pachipatala cha Dr Banda ku Limbe atangobwerera kumene, kenaka anakhala mlembi wawo, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo wa boma wotchedwa Official Hostess. Dziko lonse linkawatchula kuti Mama. Kuyambira m'ma 1980 ankatsogoleranso bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, limene linali ndi nthambi m'maboma onse.

Udindo wa Official Hostess sunali wosankhidwa ndi anthu, ndipo panalibe nyumba ya malamulo imene ikanaufunsa mafunso. Pamene Kamuzu ankakalamba, kuonana naye kunkadutsa mwa anthu ochepa okhala ku Sanjika, ndipo munthu amene anakula mphamvu kwambiri m'zaka zimenezo anali a John Tembo, amalume awo a Mayi Kadzamira, omwe anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984 ndipo pambuyo pake anakhala nduna mu ofesi ya pulezidenti. Popeza Kamuzu sankalola kuti nkhani ya wodzalowa m'malo mwake ikambidwe, mpikisano wonse unkachitikira mumdima, ndipo aliyense wooneka ngati akukwera ankagwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa nyumba ya malamulo a David Chiwanga, anaphedwa, ndipo boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto ku Mwanza. Boma latsopano litalowa, Dr Banda ndi a Tembo anazengedwa mlandu pa imfazi, ndipo mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Ndatchula zimenezi chifukwa zikuonetsa mtengo wa dziko losadziwa mawa lake. Pamene Kamuzu anachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu Okutobala 1993, dziko linayendetsedwa kwa kanthawi ndi khonsolo ya anthu atatu, a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa, popeza panalibe wachiwiri kwa pulezidenti.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Portugal, dziko limene linkalamulira anansi athu a ku Mozambique. António Salazar, nduna yaikulu kuyambira 1932 mpaka 1968, sanakwatirepo, ndipo nyumba yake inali m'manja mwa wantchito wake Maria de Jesus kwa zaka zoposa makumi anayi. Atadwala matenda a mu ubongo mu 1968 anachotsedwa pa udindo n'kuikapo Marcelo Caetano, koma anthu omuzungulira sanamuuze, ndipo anamulola kukhulupirira kuti akulamulirabe mpaka anamwalira mu Julayi 1970. Mtsogoleri amene dziko lonse linkamuopa anathera m'chipinda chimene nkhani iliyonse yomufika inali yosefedwa ndi a pakhomo pake.

Chitsanzo chomvetsa chisoni kwambiri cha masiku athu ano ndi cha Mayi Park Geun-hye a ku South Korea. Mayi awo anaphedwa ndi chipolopolo mu Ogasiti 1974, ndipo iwo, ali ndi zaka 22, anayamba kugwira ntchito ya mayi wa fuko pambali pa bambo awo, Pulezidenti Park Chung-hee, kufikira pamene bambowo anaphedwanso mu Okutobala 1979. Sanakwatiwepo, ndipo pa kampeni ya 2012 umbetawo unawathandiza, chifukwa anthu a dzikolo anali atatopa ndi ana ndi abale a mapulezidenti akale amene ankamangidwa pa milandu ya ziphuphu. Uthenga wake unali woti munthu wopanda mwamuna ndi ana alibe womubera. Koma malo a pambali pawo sanali opanda munthu. Mnzawo wa zaka zambiri, Choi Soon-sil, yemwe analibe udindo uliwonse m'boma, ankaona ndi kukonza zolankhula za pulezidenti, ndipo anagwiritsa ntchito ubwenziwo kufinya ndalama ku makampani akuluakulu. Nyumba ya malamulo inavota kuti awachotse pa 9 Disembala 2016, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza pa 10 Malichi 2017, ndipo mu 2018 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 24, asanakhululukidwe kumapeto kwa 2021.

Wina atha kunena kuti zitsanzozi zikutsimikiza kuti mtsogoleri ayenera kukhala pabanja, koma ukwati suchotsa vutoli, umangolipatsa dzina lovomerezeka. Ku Zimbabwe, kukula mphamvu kwa Mayi Grace Mugabe ndi kuchotsedwa kwa a Emmerson Mnangagwa pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti n'kumene kunatulutsa asilikali m'misewu ya Harare mu Novembala 2017. Mkazi kapena mwamuna wa mtsogoleri nayenso savoteredwa, ndipo m'mayiko ambiri palibe lamulo lofotokoza ntchito yake, ndalama zimene angagwiritse ntchito, ndi amene angamufunse. France inakumana ndi funsoli moonekeratu pa nthawi ya a François Hollande, amene analowa m'nyumba ya boma mu 2012 ndi Mayi Valérie Trierweiler popanda ukwati. Mayiwo anali ndi ofesi ndi antchito olipidwa ndi boma, ndipo chibwenzicho chitatha mu Januwale 2014 zonsezo zinatha tsiku limodzi, a Hollande n'kupita okha ku Washington mwezi wotsatira. Mu 2017 boma la a Emmanuel Macron linafalitsa chikalata chofotokoza poyera ntchito za mkazi wa pulezidenti ndi kunena kuti salandira malipiro. Njira yotere ndi imene ndikuiona yanzeru, chifukwa imayang'ana mpandowo mosasamala kuti wakhalapo ndi mkazi, mlongo, mphwa kapena bwenzi.

Chinthu chimene sichiyenera kubisika n'chakuti chitonzo cha umbeta sichigwa mofanana pa amuna ndi akazi. William Lyon Mackenzie King anakhala nduna yaikulu ya Canada zaka zoposa 21 ali wosakwatira. A Atal Bihari Vajpayee anatsogolera India kuyambira 1998 mpaka 2004, ndipo zaka ziwiri zomaliza anali limodzi ndi Pulezidenti A. P. J. Abdul Kalam, nayenso wosakwatira, anthu ambiri n'kumaona kusakwatira kwawo ngati kudzipereka ku dziko. A Mark Rutte analamulira Netherlands kuyambira 2010 mpaka 2024, nthawi yaitali kuposa nduna yaikulu ina iliyonse ya dzikolo, akupita kuntchito panjinga ndi kuphunzitsa pasukulu ina ku The Hague kamodzi pasabata, ndipo ovota sanavutike nazo. Koma Mayi Julia Gillard, asanakhale nduna yaikulu ya Australia mu 2010, ananenedwa poyera ndi senata Bill Heffernan kuti sangatsogolere chifukwa anasankha dala kusabereka. Mayi Tsai Ing-wen atangolumbira ku Taiwan mu 2016, nyuzipepala ina ya boma la China inasindikiza nkhani yonena kuti ndale zawo n'zonyanyira chifukwa ndi mbeta yopanda ana, ndipo nkhaniyo inachotsedwa anthu atakwiya nayo. Mayi Tsai anapambananso chisankho mu 2020 n'kumaliza zaka zisanu ndi zitatu. Kuweruza kotereku n'kopanda chilungamo, ndipo kumapweteka amayi ambiri amene sadzafika n'komwe pa mpando wa pulezidenti, amene amabwezedwa pa chisankho cha khansala kapena cha phungu ndi funso loti mwamuna wawo ali kuti.

M'chigawo chathu chino, Botswana ndi imene inaonetsa bwino kusiyana kwa ufumu ndi boma la malamulo, ndipo inaonetsa zimenezi mwa munthu mmodzi. A Ian Khama ndi mwana wa Seretse Khama, amene ukwati wake ndi Ruth Williams, mzungu wa ku London, mu 1948 unakwiyitsa boma la tsankho la South Africa mpaka Britain inaletsa Seretse kukhala kwawo kuyambira 1950 mpaka 1956. Mwana wa ukwati wotchukawo sanakwatire. Monga pulezidenti, kuyambira pa 1 Epulo 2008, izi sizinabweretse vuto la ulowam'malo, chifukwa malamulo a dzikolo amaika malire a zaka khumi, ndipo pa 1 Epulo 2018 wachiwiri wawo, a Mokgweetsi Masisi, analumbira. Awiriwa anadzayambana koopsa pambuyo pake, koma tsiku lopatsirana mpando linadutsa mwabata. Kumene nkhani ya banja inkaluma kwenikweni ndi ku Serowe, likulu la mtundu wa Bangwato, chifukwa a Khama analongedwanso ufumu wa Bangwato mu 1979, ndipo kumeneko ufumu umatsata kuchimuna.

Malawi wa zipani zambiri wakhalaponso ndi nyumba ya boma yopanda mayi. Mayi Ethel Mutharika anamwalira mu Meyi 2007, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anapambana chisankho cha 2009 ali wamasiye, asanamange ukwati ndi Mayi Callista Chimombo mu Epulo 2010. A Peter Mutharika anasankhidwa mu Meyi 2014 asali pabanja, n'kumanga ukwati ndi Mayi Gertrude Maseko mwezi wotsatira. Pa zisankho ziwirizi ovota anasonyeza kuti nkhani ya banja sinali yoyamba m'mitima mwawo. Ndipo pamene Bingu anamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo 2012, ngakhale kuti nduna zina zinayesa kutseka njira, chimene chinagamula nkhani ya wolowa m'malo chinali chiganizo cha m'malamulo a 1994 chonena kuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake amalize nthawi yotsalayo. Mayi Joyce Banda analumbira ku Lilongwe pa 7 Epulo.